Mano Amene Khwangwala Sabweza

Ndimatafunira mbali imodzi ngati mbuzi yokalamba. Ndikamadya chimanga chootcha ndimapendeketsa mutu, ndipo wosandidziwa amayesa ndikumvetsera china chake chakutali. Sindimvetsera kanthu. Kumanzere m'kamwa mwangamu mulibe mano awiri akumbuyo, lapansi ndi lam'mwamba, ndipo lakumanja lapansi langotsala chigoba. Zaka makumi awiri ndangozikwanitsa kumene, koma m'kamwa ndine nkhalamba.

Mano akumbuyowa ndi achinyengo. Aubwana onse amayamba agwedera, kenako n'kuguluka, mwana n'kuponya padenga kuti khwangwala amubweretsere latsopano. Aliyense pakhomo amaona, amaseka magweru, nkhani n'kutha. Koma awa amamera mwakachetechete, nthawi imene mwana akuyamba sukulu, kuseri kwenikweni kumene kunalibe dzino ndi kale lonse. Palibe chimene chaguluka, ndiye palibe amene amadziwa kuti kwabwera dzino lachikulire, loti munthu akalambe nalo. Ine izi ndinazidziwa mochedwa, chotafunira chitatha kale.

Langa loyamba litayamba kuda pakati ndinawaonetsa amayi. Anali akupeta mphale. Anasuzumira m'kamwa mwanga lichero lili m'manja.

"Ndi aubwana amenewo," anatero. "Adzaguluka okha, ena adzamera."

Sanaguluke. Anabooka. Ndinaikamo mchere, adyo, phulusa, fodya wa m'mphuno wa mayi wina woyandikana nafe. Kondakitala wina pa siteji ya Lirangwe anandidonthezera mafuta a mabuleki pa kathonje, n'kunena kuti mbozi yake ifa pompo. Chinafa ndi lilime langa, masiku angapo osamva kukoma kwa ndiwo. Potsiriza anakalichotsa kuchipatala ndi chopanira, ndipo ndinabwera nalo kunyumba nditalikulunga m'kapepala. Amayi anati ndiponye padenga. Ndinali mtsikana wotha msinkhu kale, koma ndinaponya. Khwangwala wa kwathu ndi wakuba. Analandira, sanabweze kanthu.

Lachiwiri linasankha nthawi ya mayeso a fomu thu. Tsaya linatupa mpaka diso kutsinzina lokha. Ndinkalemba dzanja lina litagwira cholembera, lina litagwira chibwano, m'mutu mukulira ng'oma. Sindikunena kuti ndinali wanzeru wa m'kalasi, ayi. Ndinali wapakati, koma apakati amakhoza. Ine ndinalephera. Kubwereza kalasi ndi kwa ana a anthu ena. Bambo anali atasowera kale ku Joni, foni yawo yosapezeka, ndiye akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti ndipite ku Chileka ndizikathandiza ntchito kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo.

Kwa azakhali kunali nyumba ya malata, mpanda wa njerwa, mpopi pakhomo. Amuna awo ankagwira ntchito ya chitetezo ku bwalo la ndege, iwo ankaphunzitsa, ndipo Lamlungu onse awiri ankakhala mipando yakutsogolo m'tchalitchi. Ndege ikamatera mawindo ankanjenjemera. Ine ndinkasesa, kuchapa, kuperekeza ana kusukulu. Ana amenewo ankadya zotsekemera zimene ine ndinkangoziona pa alumali ya golosale: mabisiketi, yogati, maswiti a pa kamtengo. Ndinkadikira kuti mano awo awole. Sindibisa, ndinkadikira ndithu.

Tsiku lina azakhali anati ndiwaperekeze m'tauni, akupita ndi mwana wawo wamkazi kwa dokotala wa mano, ine ndibereke khanda. Mwanayo sankamva kuwawa paliponse. M'minibasi ankaimba. Titafika anamugoneka pa mpando wopendekeka, anamutsuka mano anayi akumbuyo, anawaumitsa ndi kamphepo, kenako anapaka timankhwala toyera ngati phala lamadzimadzi m'timing'alu ta pamwamba pa dzino, muja mumakanirira zakudya. Anawalitsapo kanyali ka buluu, timankhwala tija n'kuuma gwa. Jakisoni panalibe, magazi panalibe, kulira panalibe. Dokotalayo anati kumeneko ndi kumata, ndipo amamata dzino likangomera, lisanabooke, kuti zotsalira za chakudya zisapeze pobisala.

Tili pa siteji podikira minibasi ndinalephera kuugwira mtima.

"Anti, mwana sakudwala, ndiye mankhwala a chiyani?"

Anandiyang'ana pakamwa, osati m'maso.

"Kuti asadzafanane ndi ako."

Anayankha mopanda nkhanza, ngati akunena kuti kunja kwazizira. N'chimene chinandibaya. Njira yonse, khanda lili kumsana, lilime linkangoyendayenda m'magweru anga. Lirangwe ndi Chileka si kutali. Munthu ukhoza kulawira kuno, tiyi n'kukamwera uko. Koma kumeneko anthu ankatseka dzino lisanalowedwe, kwathu tikuthira mafuta a mabuleki.

Sindinakhalitse kwa azakhali. Pakamwa panga sipasunga mawu, ndipo tsiku lina atandiuza kuti alendo akabwera ndizimwetulira chotseka milomo, ndinawayankha zimene ndinawayankha. Ndinabwerera ku Lirangwe ndi chikwama chimodzi, n'kuyamba kugulitsa tomato m'mphepete mwa msewu. Anzanga a m'kalasi ankadutsa atavala yunifolomu. Ena ankandipatsa moni, ena ankaona tomato yekha.

Kunyumba ndinapeza mzime wathu atayamba sitandade wani. Kamtsikana kolongolola, ka magweru kutsogolo. Tsiku lomwe ndinafikalo ndinakagwira chibwano n'kukatembenuzira kudzuwa.

"Yasamula."

"Achemwali, mukufunamo chiyani?"

"Ndati yasamula."

Analimo. Onse anayi, awiri pansi awiri m'mwamba, oyera mbee, timing'alu take takuya ngati mizere ya m'munda wongolimidwa kumene. Opanda ndi kadontho komwe. Ndinamva ngati ndapeza dzira lili pakati pa msewu wa malole. Ndinayesa kuimbira azakhali kuti mwina angamutenge kwa dokotala uja. Anati pakamwa pamene panawanyoza pasawapemphe kanthu, n'kudula foni.

Ndiye Lamlungu lina, chimanga chitauma m'minda, pa zolengeza za kutchalitchi tinamva kuti kukubwera madokotala odzamata mano a ana pasukulu yathu, kwaulere, koma mankhwala ndi ochepa, sakwanira onse. Nditamva mawu oti kumata ndinawongoka pa benchi. Uthengawo unali utayenda: a zaumoyo anauza ahedi pafoni, ahedi anauza komiti ya sukulu, komiti inauza wolengeza. Tcheya wa komitiyo ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, mkulu wa mpingo, mwini mbumba yathu. Munthu woongoka mpaka kutopetsa. Sanadyepo za mwini, ndipo amafuna aliyense adziwe kuti sanadyepo.

Kwathu chithandizo timachidziwa mayendedwe ake. Chikabwera chimanga cha njala, amasankha ovutikitsitsa. Zikabwera mbuzi za mabungwe, ovutikitsitsa. Mabulangete, mbewu, zidebe, chimodzimodzi. Tinaphunzira ndipo tinakhoza. Alendo akamabwera wailesi imalowa pansi pa bedi, mwana wonenepa amapita kukasewera kutali, wa zipere ndiye amakhala pakhonde. Wabwinobwino salandira kanthu, zimenezo ngakhale nkhuku za kwathu zimadziwa. Choncho itamva kuti mankhwala ndi ochepa, komiti sinafunse kawiri. Inati isankhiretu ana a mano owoletsetsa, alendo asadzavutike.

Kusankhako kunachitikira pansi pa mlambe wa pasukulu. Amalume anakhala pa mpando, m'manja muli supuni yopanira lilime, pambali pawo beseni la madzi otsukiramo supuniyo ndi kachitini ka zitsekerero za mabotolo zopakidwa penti wofiira. Mwana wosankhidwa ankalandira chitsekerero chimodzi, chodzaonetsa pa tsikulo. Amayi a ana anaima mozungulira ngati pamsika wa mbuzi.

"A tcheya, taonani wangayu, mpaka fungo!"

"Fungo lokha? Wanga sagona. Tsaya ili limatupa mwezi ndi mwezi."

"Iwe, yasamula kwambiri aone lakuseri lija. Ukubisiranji?"

Mayi wina anali atamutafunitsa mwana wake makala m'mawa kuti mano ade. Amalume anapukuta ndi chala, kuda konse n'kuchoka.

"Mayi, ameneyu si wodwala, ndi mbaula."

Anthu anafa nalo phwete. Itafika nthawi ya mzime wathu, anayasamula mpaka maso kutsinzina. Amalume anasuzumira, n'kumusisita pamutu.

"Eee, uyu ndiye m'kamwa muli mpunga wokhawokha. Pita, uzikathokoza Mulungu."

Anatuluka pamzere akudumphadumpha, wopanda chitsekerero. Amayi anga anamwetulira monyadira. Kenako amalume analengeza kuti amene sanasankhidwe asadzabwere n'komwe kusukulu tsikulo, alendo asadzaone chipwirikiti ngati ndife anthu osaleredwa.

Madzulo ake ndinawapeza pakhonde pawo akupukuta nsapato za Lamlungu. Ndinagwada bondo limodzi. Lachiwiri linakana.

"Amalume, kumata kumene akunenaku si kwa mano obooka. Amamata abwinobwino, asanabooke. Ndinaona ndi maso anga m'tauni."

Sanatukule mutu.

"Unaona. Udokotala unaphunzira liti? Ife timamva kuti ku Chileka unkachapa matewera."

"Matewera ndinkachapa ndi manja. Maso analipo."

"Za m'tauni ndi za m'tauni. Kumeneko munthu akakhuta amakagula mankhwala a matenda amene alibe. Kuno unaonapo wabwinobwino atagonekedwa m'chipatala?"

"Nanga chimanga mumathira mankhwala chitafumbwa kale?"

"Mano si chimanga, mwana iwe."

Anaika nsapato pansi n'kundiyang'ana tsopano.

"Tamvera. Tiyerekeze kuti ndakumvera. Ndilande chitsekerero kwa mwana amene akulira ndi dzino, ndipatse mwana wa mlongo wanga amene sakumva kanthu. Lamlungu ndikaima kutsogolo m'tchalitchi anthu aziona ndani? Tcheya wokondera mbumba yake. Mbiri imene ndaisunga zaka zonsezi ndiitaye chifukwa cha zimene unaona utabereka khanda la eni?"

"Mbiri ikaonongeka mumaikonza. Dzino ili silimeranso."

"Nyamuka."

Ndinanyamuka. Zoona zake, nanenso mumtima ndinali ndi kachikayiko. Bwanji ngati obwerawo anali ndi kumata kwina, kotseka mabowo? Wondiyankha panalibe. Ahedi ndinawaimika pamsewu, anati nkhani ili m'manja mwa komiti, n'kupalasa njinga yawo.

Amayi anali atamva kale ndisanafike pakhomo.

"Wandichititsa manyazi kwa achimwene. Mwana ali bwino, ukumuitanira matenda?"

"Inenso ndinali bwino, amayi."

"Ako anali a tsoka."

Tsiku la alendo linagwa pakati pa kukolola. Amayi analawira kumunda wathu wa kutsidya kwa mtsinje, mbali ya ku Chigaru, ndipo mzime anamutenga kuti azikatolera chimanga chogwa. Ndinati amusiye, anakana, poopa kuti ndipita naye kusukulu kukanyazitsa achimwene awo. Ine ndinati mutu ukundipweteka. Atangokhota ndinalunjika kusukulu kuti ndikaone ndekha.

Galimoto inafika dzuwa litakwera. Munatuluka anthu ochepa ndi mabokosi, wotsogolera ali mayi wamfupi wa magalasi, kanyali atakamangirira pachipumi. Analumikiza madesiki m'kalasi kukhala ngati bedi, n'kuyalapo nsalu. Panja ana a zitsekerero anali pamzere, ambiri akuluakulu a makalasi apamwamba, ena atamangidwa nsanza kuzungulira chibwano kuti kudwala kwawo kuonekere patali. Ine ndinakakamira pawindo.

Woyamba anagona, anayasamula. Adokotala anawalitsa kanyali, anapukusa mutu, anamudzutsa. Wotsatira chimodzimodzi. Wina anamupeza ndi dzino limodzi lopulumuka, analimata, ena onse anali mapanga. Atadutsa angapo, anavula magolovesi n'kutuluka pakhomo.

"Ahedi, ana a sitandade wani ndi thu ali kuti? Tinati tikufuna amene akumbuyo angomera kumene."

Ahedi anayang'ana amalume. Amalume anavula chipewa.

"Takuthandizani, adokotala. Tasankha ovutikitsitsa, kuti mankhwala apite pofunikira."

"Bambo, mankhwala amene tabweretsa ndi otchinga. Ndikamata pamwamba pa dzino lowola chonchi ndiye kuti ndatsekera moto m'nyumba. Ana awa akufunika kuchipatala, ena kukachotsa, ena kukapala chowolacho ndi kutseka. Zida zake sitinanyamule."

 Amayi a ana a zitsekerero aja anaphulika.

"Ndiye mwabwera kudzachiza amoyo?"

"Galimoto yonseyi, mafuta onsewa, kudzapaka laimu nyumba yoyera kale!"

"Wangayu ndamujombetsa kumunda, ndimutani tsopano?"

Sindinawaseke. Ana awo ankamvadi kuwawa, ndipo kuwawa kumeneko ndimakudziwa kuposa njira ya kwathu. Anagona masiku onsewo ndi kachitsekerero m'manja ngati ndi tikiti ya kumwamba. Mtsikana wina wa tsaya lotupa anataya chake pansi n'kuchiponda.

Amene anazindikira msanga ndi aphunzitsi. Nyumba zawo zili kuseri kwa makalasi. Mosakhalitsa ana awo aang'ono anali atasambitsidwa kumaso, ali pa mzere watsopano. Kenako anabwera a eni magolosale apafupi. Anthu ataona zimenezo phokoso linakula, mawu oti kukondera anayamba kuuluka, ena akuloza amalume kuti ankadziwa kale. Amalume anakwera pa sitepe n'kukweza dzanja.

"Abale, ine sindinadziwe kanthu. Ndipo kuti muone kuti mtima wanga ndi woyera, wa mbumba yanga palibe ndi mmodzi yemwe amene amatidwe pano lero. Ndanena pamaso panu."

Ena anaomba m'manja. Ine ndinali nditayamba kale kuthamanga.

Kumunda kwathu si pafupi. Umadutsa njanji, kutsetserekera kumtsinje, kuwoloka, kukweranso. Patapata mmodzi anaduka panjira, ndinataya onse. Ndinawapeza atakhala pamthunzi wa mkukwe wa chimanga, mzime akutafuna msinde.

"Ndikumutenga."

"Kupita naye kuti?"

"Kusukulu. Akumata abwinobwino, monga ndinanenera muja."

"Achimwene anena kuti apite?"

Ndinatambasula dzanja kuti ndimugwire mwana, ndipo amayi anamva yankho.

"Ndiye sapita. Ukufuna tiziyenda bwanji m'mudzi muno? Likadzagwa vuto pakhomo pathu adzatiyimira ndani, iweyo?"

"Vuto linagwa kale, amayi. Lili m'kamwa mwangamu. Anandiyimira ndani?"

Anagwira mkono wa mwana, ine ndinagwira winawo. Mwana anayamba kulira. Sindikudziwa ngati anatopa kapena anachita dala, koma dzanja lawo linamasuka. Ndinamuponya kumsana ngati thumba la deya. Pamtsinje ndinamutsitsa, ndinamuchukuchitsa m'kamwa ndi kumutsuka ndi chala kuti timisinde tonse tichoke.

"Achemwali, akandibaya?"

"Sakubaya."

"Akandichotsa dzino?"

"Ukapitiriza mafunso ndikuchotsa ndine."

Titafika dzuwa linali litapendeka. Mzere unali utatha, mabokosi ena ali kale m'galimoto. Anthu anali asanabalalike, chifukwa kwathu mkangano sitiusiya usanazizire. Amalume anationa tikulowa pa bwalo, ndipo anadzaima pakhomo la kalasi.

"Bwerera naye. Ndalonjeza anthu."

Analankhula motsitsa, koma onse anamva. Ndinatsitsa mwana. Mpweya wokanganira ndinalibe. Ndinangoyandikira, ndinalowetsa zala ziwiri m'kamwa mwanga n'kukoka tsaya mpaka kukhutu, pamaso pa ahedi, pamaso pa amayi a kutchalitchi, onse.

"Yang'anani," ndinatero, malovu akutsika. "Awa munalonjeza ndani?"

Mtsikana sayasamulira amalume ake choncho. Ndinamva amayi ena akuti aaa, mwana wopanda mwambo. Amalume anayang'anamo. Ndikudziwa kuti anayang'ana, chifukwa anabweza nkhope ngati aona bala la pangozi. Sanachoke pakhomo, koma sanatambasule dzanja. Ndinadutsa m'mbali mwawo ndikukoka mwana.

Adokotala anali akupukuta tizitsulo tawo. Anayang'ana mapazi anga, kenako mwana.

"Mugoneke."

Anawalitsa kanyali m'kamwa mwa mwana.

"Abwino onse anayi. Ana ngati uyu ndi amene tinawadzera." Anatenga kabotolo ka ufa wa mankhwala, n'kukagogoda chozondotsa pa kapepala. Unagwa wochepa, ngati mchere wa pa nsonga ya mpeni. "Uwu ukwana awiri basi. Ndimata apansi, ndi amene amafulumira kuwola."

"Nanga am'mwambawo?"

"Mupite naye kuchipatala m'tauni, mukafunse ngati ali nazo zomatira. Apo ayi, mswachi m'mawa ndi madzulo, zotsekemera achepetse."

"Mudzabweranso?"

Sanandinamize. Anangoti sakudziwa.

Iwo analibe kanyali ka buluu kaja. Anatchinga malovu ndi thonje, anapukuta dzino, anasakaniza ufa uja ndi dontho la madzi ake, anaika pamwamba n'kukanikiza ndi chala. Mbali inayo chimodzimodzi. Ine ndinagwira mutu wa mwana. Zonsezo zinatha mofulumira kuposa kuwiritsa madzi a tiyi. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za mayeso aja, za chopanira, za Chileka, za matewera. Kaufa kokwana pa nsonga ya mpeni, ndi chala cha munthu. Basi.

Zotsatira zake zinali za kwathu. Amayi anagwira tambala wathu yekhayo n'kupita naye kwa amalume kukapepesa. Tambala analandiridwa. Ine mpaka lero ndikawapatsa moni amayankha mtengo umene uli kumbuyo kwanga. Kumjigo ndine uja anayasamulira amalume ake. Ana a zitsekerero ena anapita kukachotsa, ambiri sanapite, akudikira kuti atupe kaye. Komiti idakalipo, ndipo posachedwapa inasankha bwinobwino ovutikitsitsa olandira mbewu.

Kuchipatala cha m'tauni ndinapita naye mzime wathu kamodzi, nditagulitsa nandolo wanga. Tinakhala pa benchi mpaka masana pakati pa anthu ogwira masaya. Atatiitana, woona mano anafunsa kuti likuwawa ndi liti. Ndinati palibe. Munthuyo anandiyang'ana ngati ndabwera kudzasewera, n'kunena kuti zomatira kulibe, ndipo ndione mzere wa odwala enieni umene ndauchedwetsa. Ndinamugwira mwana dzanja n'kutuluka.

Ndiye ndinatsala ndi mswachi. Ndimamutsukitsa ndekha, alire asalire. Koma sindingamutsate kusukulu, kumene pa geti pamakhala mabeseni a maswiti ndi mafilizesi, ndipo ana amabwerekana ponyambita. Nthawi ndi nthawi ndimamugwira chibwano n'kumutembenuzira kudzuwa. Apansi awiri aja ali chimodzimodzi, osalala ngati pakhonde pozira kumene. Mvula itayamba chaka chino ndinaona kadontho pa lam'mwamba lakumanzere. Ndinayesa kukapala ndi kamtengo ka machesi. Sikanachoke. Kanali kofiirira, pakati penipeni pa mng'alu, pamalo pomwe langa linayambira.

Ndinaitana amayi. Anabwera akupukuta manja pa chitenje, anawerama, anasuzumira.

"Aaa, kameneko? Ndi aubwana amenewo. Adzaguluka okha."

Ananena mosaganiza, mmene munthu amayankhira moni. Atamaliza anandiyang'ana pakamwa, ndipo ndikuganiza kuti anadzimva okha, chifukwa anabwerera kukhitchini.

Tsopano kuchipatala akhoza kutilandira, poti chowaonetsa chilipo. Tsopano ngakhale amalume akhoza kumupatsa chitsekerero chofiira popanda kuopa pakamwa pa anthu. Wayamba kuyenera. Ndikusunga nandolo wina kuti ndipite nayenso bowo lisanakule, ndipo sindikudziwa ngati akalitseka kapena akatiuza kuti tidzabwere likadzatupa.

Mzime anatseka pakamwa n'kumeza malovu.

"Achemwali, likaguluka tidzaponya padenga?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Khwangwala ali kale ndi langa. Akadzabweza ndidzakuuza. Katenge mswachi."